Kudya ndi Kumwa pa Benga: Mafunso ndi Mayankho kwa Opita Kunyanja pa Tchuthi

Anthu ambiri amene amapita kunyanja pa nthawi ya tchuthi amakonzekera bwino za malo ogona, mafuta a galimoto ndi zovala zosambira, koma za chakudya saziganizira, ndipo chifukwa cha ichi amabwerera kwawo atadya tchipisi ndi nkhuku zomwe zija amadya masiku onse ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Mafunso ndi mayankho otsatirawa akunena za dera la Benga m'boma la Nkhotakota, kumene chakudya chimayendera nyanja, nyengo ndi mbiri ya anthu ake, kotero kuti mlendo wodziwa zinthu zitatu zimenezi amadya bwino kuposa amene amangodalira pepala la mndandanda wa zakudya limene amapatsidwa pamalo ogona alendo.

Kodi Benga ili kuti, ndipo n'chifukwa chiyani malowa ali oyenera kuwatchula pa nkhani ya chakudya?

Benga ndi malo ochitira malonda amene ali pa msewu wa M5, msewu wa m'mbali mwa nyanja, chakumwera kwa boma la Nkhotakota, m'dera la Mfumu Yaikulu Mwadzama. Munthu wochokera ku Lilongwe amatsika ndi msewu wa M14 kukafika ku Salima, kenako amakhotera kumpoto, ndipo amafika pa Benga atayenda pafupifupi theka la ulendo wochokera ku Salima kupita ku boma la Nkhotakota. Nyanja ili chakum'mawa kwa msewuwo, pomwe mapiri a Ntchisi ali chakumadzulo, ndipo mitsinje yochokera kumapiriko imadutsa m'madambo mmene anthu amalima mpunga isanathire m'nyanja.

Malowa si tawuni ya alendo ngati Senga Bay kapena Cape Maclear, ndipo n'chifukwa chake ali oyenera kuwatchula. Chakudya chimene chimagulitsidwa pa Benga amaphikira anthu a m'deralo, oyendetsa maminibasi, ogula nsomba ndi alimi obwera kumsika, motero sichinasinthidwe kuti chikomere mlendo wakunja. Amene akufuna kudziwa kadyedwe ka anthu a m'mbali mwa nyanja m'chigawo chapakati amakapeza pano kali momwe kalili.

Ndi malo odyera otani amene mlendo angapeze m'derali?

Malo odyera alipo a mitundu itatu, ndipo uliwonse uli ndi ubwino wake. Mtundu woyamba ndi wa malesitilanti ang'onoang'ono a pamsika ndi m'mbali mwa msewu, amene kawirikawiri amayendetsedwa ndi amayi, ndipo mumakhala mabenchi, chidebe cha madzi osamba m'manja ndi miphika imene imatereka m'mawa n'kuphulidwa dzuwa likamafika paliwombo. M'malo otere funso loyenera si lakuti pali zakudya zanji pa mndandanda, koma lakuti lero kwapsa ndiwo zanji, chifukwa wophika amagula zimene zapezeka pagombe ndi pamsika m'mawa wa tsiku lomwelo. Wofika pakati pa 12 koloko ndi 2 koloko masana amapeza zonse zili zamoto, pamene wofika madzulo amapeza zotsala.

Mtundu wachiwiri ndi wa chiwaya ndi tiyirumu. Chiwaya ndi chitsulo chachikulu chophwatalala chokhala ndi dzenje la mafuta pakati, pamene anyamata amakazingira tchipisi cha mbatata ya kachewere kapena cha chinangwa, nyama ya mbuzi ndi nthuli za nkhuku, ndipo wogula amadyera pomwepo ataimirira, kuthira mchere ndi tsabola wa kambuzi monga afunira. Tiyirumu ndi kanyumba kogulitsiramo tiyi wamkaka m'makapu akuluakulu, pamodzi ndi masikono, mandasi kapena zitumbuwa, ndipo ndi mmene asodzi ochokera kunyanja ndi apaulendo a m'bandakucha amayambira tsiku.

Mtundu wachitatu ndi wa malo ogona alendo a pagombe, amene ambiri ali chakumpoto kwa Benga, pakati pa nyanja yaing'ono ya Chia ndi boma la Nkhotakota. Pakati pa malowa pali Nkhotakota Pottery Lodge, imene imadziwika ndi zoumbaumba, ndi Fish Eagle Bay Lodge, kumene kunachitikira chikondwerero cha zoimbaimba cha Lake of Stars m'chaka cha 2024. M'malo amenewa mlendo amapeza tebulo loyang'ana kunyanja, zakumwa zozizira ndi zakudya za maphikidwe akunja, pa mtengo wokwera kwambiri poyerekeza ndi wa pamsika. Palibe cholakwika kudya kumeneko, koma wopita ku Nkhotakota n'kudya m'malo oterewa mokha amakhala ataona nyanja osalawa dziko lake.

Kondowole n'chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani anthu a m'mbali mwa nyanja amamukonda kuposa nsima ya chimanga?

Kondowole ndi nsima yophikidwa ndi ufa wa chinangwa, ndipo ndi chakudya chodalirika cha midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja kuyambira ku Nkhotakota mpaka ku Nkhata Bay, Likoma ndi Karonga. Chifukwa chake chagona m'nthaka, pakuti dothi lamchenga la m'mbali mwa nyanja silisunga chonde chokwanira chimanga popanda feteleza, pamene chinangwa chimabereka m'dothi lotere, chimapirira ng'amba, ndipo chimatha kukhala pansi kupitirira chaka, mwini munda n'kumakumba pang'onopang'ono monga mmene wina amatapira chimanga m'nkhokwe. Mbewu zonse ziwirizi, chinangwa ndi chimanga, zinachokera ku America ndipo zinafika mu Africa kudzera m'malonda a Apwitikizi, koma m'mbali mwa nyanja chinangwa ndicho chinakhazikika.

Chinangwa chili m'magulu awiri. Chilipo chozuna, monga manyokola, chimene anthu amatafuna chachiwisi kapena kuchiphika n'kumwera tiyi, ndipo chilipo chowawa, monga gomani, chimene ndicho ambiri amapangira kondowole. Chowawacho chili ndi poizoni wochuluka wa mtundu wa cyanide, amene amateteza mbewuyo kwa anyani, nguluwe ndi akuba, koma angavulaze munthu ngati sichinakonzedwe bwino. N'chifukwa chake amayi akachikumba amachisenda, n'kuchiviika m'madzi kwa masiku angapo mpaka chitafewa ndi kusasa, kenako amachitsuka, kuchiyanika pa thandala mpaka chiume, n'kuchisinja mumtondo kapena kupita nacho kuchigayo. Kuviika kuja ndiko kumachotsa poizoni, ndiponso ndiko kumapatsa ufawo kafungo kowawasa kamene mlendo woyamba amadabwa nako, pamene mwana wa ku Nkhotakota wokhala m'tawuni amakasowa.

Kaphikidwe kake kamasiyananso ndi ka nsima ya chimanga, imene imayamba ndi phala n'kumakhuthala pang'onopang'ono. Pa kondowole madzi akawira wophika amathira ufa n'kuyamba kuvundula mwamphamvu nthawi yomweyo, ndipo chifukwa nsimayi imanyata ndi kutamuka ngati ulimbo, ambiri amaphula poto n'kumugwira ndi mapazi kuti mthiko uyende. Ntchitoyi ndi yolemetsa moti saphika kondowole wambiri mumphika umodzi, ndipo ichi ndi chifukwa china chimene malo ena odyera samuika pa mndandanda pokhapokha munthu atapempha kudakali nthawi. Pakudya, mbamu ya kondowole, ndiye kuti kachidutswa kamene munthu amatema ndi kuumba m'dzanja, iyenera kukhala yaing'ono, imizidwe bwino mumsuzi, ndipo siitafunidwa kwambiri ayi. Ndiwo zake zoyenera ndi nsomba yamsuzi ndi chigwada, chomwe ndi masamba a chinangwa osinjidwa mumtondo n'kuphikidwa nthawi yaitali, nthawi zambiri otendera ndi nsinjiro. Mbale imeneyi, imene muzu ndi tsamba zimachokera ku chomera chimodzi ndipo nsomba imachokera m'madzi oyandikana ndi mundawo, ndiyo chakudya chenicheni cha derali, ndipo woyenda pa tchuthi ayenera kuifunafuna ngakhale kamodzi.

Kodi nsomba yoyenera kuitanitsa ndi chambo chokha?

Ayi. Chambo chinatchuka chifukwa cha mnofu wake woyera ndi minga yochepa, ndipo mahotela anachisandutsa chizindikiro cha Malawi, koma nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse padziko lapansi, ndipo anthu a pagombe amadziwa kukoma kwa mitundu yambiri imene alendo saifunsa n'komwe.

Kampango ndi nsomba yaikulu yopanda mamba, yokhala ndi ndevu, imene imakhala pansi pa nyanja, ndipo mnofu wake wonona umakoma ukawambidwa pa moto wa nkhuni kenako n'kuphikidwa ndi tomato ndi anyezi. Ambiri odziwa nsomba amaika msuzi wa kampango patsogolo pa wa chambo akamadya kondowole. Mlamba ndi mbale wake wa m'mitsinje ndi m'madambo. Mcheni ndi nsomba yaitali ya mano akuthwa imene imasaka tinsomba tina pakati pa nyanja, ndipo yaikulu ndi yonona ya mtundu umenewu anthu amaitcha batala, chifukwa ikaikidwa pa makala imadzikazinga ndi mafuta ake omwe. Utaka ndi nsomba zocheperapo zoyenda m'magulu, zimene zimadyedwa zaziwisi, zouma kapena zowamba. Makumba amafanana ndi chambo ndipo amapezeka kwambiri m'madzi osaya monga a Chia. Mpasa ndi nsomba yamphamvu imene imachoka m'nyanja n'kukwera mitsinje kukaswana, ndipo mtsinje wa Bua, umene umadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, ndi umodzi mwa mitsinje yochepa imene nsombayi ikadakwerabe. Popeza yachepa kwambiri, wogula mwanzeru amailekerera.

Koma nsomba imene imadyetsa dziko ndi usipa, kansomba kakang'ono konyezimira kamene kamadyedwa konse ndi mutu ndi minga yomwe, motero kamapatsa thupi kashiamu wolimbitsa mafupa amene wodya mnofu wa chambo wokha samupeza. Anthu a m'tawuni amadziwa usipa wouma, umene nthawi zina umawawa, koma pagombe umapezeka wauwisi, wongovuulidwa kumene, ndipo ukaphikidwa ndi mchere, tomato ndi madzi pang'ono, kapena ukakazingidwa mpaka kukhala wokhukhuta, umakhala chakudya china ndithu. Palinso usipa wofutsa, umene amauviika m'madzi owira amchere kwa kanthawi asanauyanike, ndipo umenewu suwawa, umasungika bwino, ndipo ndi mphatso yabwino yotengera a kunyumba.

N'chifukwa chiyani tsiku lina nsomba zimachuluka pamsika, tsiku lina n'kusoweratu?

Zifukwa zazikulu ndi mphepo ndi mwezi. Kuyambira cha mu Meyi mpaka mu Ogasiti kumawomba mwera, mphepo yamphamvu yochokera kumwera chakum'mawa, imene imautsa mafunde aakulu moti mabwato ndi maboti ang'onoang'ono amatha masiku ali pamtunda, ndipo pa masiku otere nsomba zaziwisi zimasowa, mtengo umakwera, ndipo anthu amadalira zouma ndi zowamba. Nthambi yoona zanyengo imachenjeza za mphepoyi pa wailesi, ndipo chenjezolo limakhudza asodzi ndi alendo ofuna kukwera boti mofanana. M'miyezi yotentha ya Sepitembala ndi Okutobala nyanja imadekha ndipo usodzi umayenda bwino.

Mwezi nawo uli ndi mbali yake chifukwa usipa amaupha usiku ndi nyali. Bwato limodzi limanyamula nyali zowala zimene zimakopa nsomba, ndipo anzawo amazinga gululo ndi chilimira, ukonde waukulu wokokedwa ndi maboti pakati pa madzi. Mwezi ukakhala wathunthu kuwala kwake kumaphimba kwa nyali, nsomba sizisonkhana, ndipo asodzi ambiri amapuma n'kumasoka maukonde. Wofuna usipa wauwisi wotsika mtengo asankhe masiku a mdima, ndipo usiku wa masiku otere mzere wa nyali za asodzi umaoneka patali pamadzi ngati mudzi wina.

Kodi wofuna kugula nsomba yekha apite kuti, ndipo yabwino angaizindikire bwanji?

Malo abwino koposa ndi pagombe pamene maboti amakocheza, ndipo nthawi yake ndi m'mamawa dzuwa likamatuluka, pamene asodzi a usiku akubwerera ndipo amayi ogula nsomba zokagulitsa akudikira ndi mabeseni awo. Woyenda pa galimoto amene sangathe kutsikira kugombe angaime pa mlatho wa Chia, pa msewu womwewo wa M5 chakumpoto kwa Benga, pamene pali msika wa nsomba wodziwika kwa onse oyenda msewuwu. Chia ndi nyanja yaing'ono yosaya, yokula masikweya kilomita pafupifupi 17, imene imalumikizana ndi nyanja yaikulu kudzera mu ngalande yodutsa pansi pa mlathowo, ndipo ndi malo oswanirana nsomba komanso okhala mbalame zambiri za m'madzi.

Nsomba yatsopano imakhala ndi maso owala osalowa m'kati, makha ake, ziwalo za m'mbali mwa mutu zimene imapumira, amakhala ofiira osati otuwa, mamba ake sathothoka okha, ndipo mnofu ukadinidwa ndi chala umabwerera m'malo mwake. M'dera lotentha ngati ili nsomba imaonongeka m'maola ochepa, choncho chizolowezi chomangirira chambo pa galasi la galimoto kuti chiwombedwe ndi mphepo mpaka ku Lilongwe n'chosathandiza kwenikweni poyerekeza ndi kuchitumbula pomwepo n'kuchiika m'bokosi la ayezi. Kunenerera mtengo n'kololedwa ndipo ogulitsa amakuyembekezera, koma wogula akumbukire kuti msodzi wagona pamadzi usiku wonse ndipo wagula mafuta a injini pa mtengo wokwera. Malo ambiri odyera amavomera kuphika nsomba imene mlendo wabwera nayo, iye n'kulipira za kuphika ndi nsima, bola apangane zisanayambe.

Kodi pali nsomba zimene mlendo ayenera kukana ngakhale zitatsika mtengo?

Zilipo, ndipo funso limeneli n'lofunika kuposa ena onse. M'chaka cha 2018 bungwe la IUCN, limene limalemba mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi padziko lonse, linaika mitundu itatu ya chambo cha m'nyanja ya Malawi m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Kuchepaku kwadza chifukwa cha kuchuluka kwa asodzi, kuonongeka kwa bango ndi udzu wa m'madzi mmene tiana ta nsomba timabisala, ndi kugwiritsa ntchito maukonde a maso ang'onoang'ono, kuphatikizapo masikito amene boma limagawa kuti ateteze anthu ku malungo. Chambo sichiswa mazira ambirimbiri monga nsomba zina. Chachikazi chimasunga mazira ndi tiana m'kamwa kwa milungu ingapo, motero kupha mayi mmodzi pa nyengo yoswana n'kupha banja lonse.

Pofuna kuteteza nsombazi, Dipatimenti ya Usodzi, potsatira lamulo la usodzi la 1997, imatseka usodzi wa makoka m'nyanja ya Malawi chaka chilichonse kuyambira pa 1 Novembala, ndipo m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, imene ndi nyengo yoswana chambo, makomiti a pagombe, omwe ndi magulu a asodzi ndi anthu a m'mudzi ogwira ntchito limodzi ndi mafumu, amayang'anira kuti lamuloli litsatidwe. Nzeru imeneyi si yachilendo m'derali, pakuti pa chilumba cha Mbenji, m'boma loyandikana nalo la Salima, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi m'nyengo ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo nsomba za kumeneko zikadali zazikulu ndi zochuluka.

Tchuthi cha Khirisimasi chimagwa m'kati mwa nyengo yotsekayi, pamene alendo amachuluka ndipo aliyense amafuna chambo. Mlendo amene amagula kasawala, dzina la tiana ta chambo, kapena chambo chodzaza mazira, ndiye amene amapatsa wopha mozemba chifukwa chobwereranso m'madzi mawa lake. Lamulo limaletsa kupha chambo chosafika masentimita 15, utali wosapitirira kwenikweni chikhatho cha munthu wamkulu, ndipo muyeso umenewu wogula aliyense amayenda nawo. Kusankha usipa kapena mcheni pa Disembala sikuchepetsa chisangalalo cha tchuthi m'pang'ono pomwe.

Nanga mpunga unafika bwanji ku Nkhotakota, ndipo mbiri imeneyi imaoneka bwanji m'mbale?

M'zaka za m'ma 1840 Salim bin Abdallah, wamalonda wa Chiswahili wochokera kugombe la nyanja ya mchere ya India, anakhazikika ku Nkhotakota ndipo iye ndi omulowa m'malo ankatchedwa Jumbe. Malonda awo anali a minyanga ya njovu ndi akapolo, amene ankawaolotsa nyanja pa zombo zamatanga n'kuwayendetsa pansi mpaka ku Kilwa. David Livingstone anafika pamalopo mu 1861 ndi mu 1863, ndipo mtengo waukulu umene amati anakumanirana pansi pake ndi Jumbe ukadalipo pafupi ndi chipatala cha St Anne's. Ulamuliro wa a Jumbe unatha m'zaka za m'ma 1890 pansi pa boma la Atsamunda.

Mbiri imeneyi ndi yowawa, ndipo siyenera kukometsedwa, koma inasiya zizindikiro zimene zimaoneka pa chakudya mpaka lero. A Jumbe analimbikitsa ulimi wa mpunga m'madambo kuti adyetse anthu awo ndi apaulendo, ndipo mpunga wa faya, wonunkhira, wa njere zazitali, umene Nkhotakota imadziwika nawo, umalumikizidwa ndi nthawi imeneyo, monganso mitengo ya kokonati ndi mitengo ikuluikulu ya mango ya pa boma. Mpunga watsopano umapezeka wochuluka m'misika ya m'mbali mwa M5 kuyambira cha mu Meyi ndi Juni, ukangokololedwa, ndipo fungo lake silifanana ndi la mpunga wokhalitsa m'sitolo. Ku ufa wa mpunga ndi nthochi zakupsa amayi amaphikanso mkate, chakudya chotsekemera chokulungidwa m'masamba a nthochi, chimene kale chinali kamba wa paulendo.

Chizindikiro china ndi Chisilamu, chimene chili ndi anthu ambiri m'bomali. Chifukwa cha ichi malo ambiri odyera amagulitsa nyama ya halaal, ndiye kuti yozingidwa motsatira malamulo a Chisilamu, ndipo sagulitsa nkhumba kapena mowa. Pa mwezi wa Ramadan malo ena otere satsegula masana, ndipo mlendo waulemu sadya moonetsera pamaso pa anthu amene akusala.

Kupatula nsomba, ndi zakudya zina ziti zimene zili zoyenera kulawa?

Ndiwo zamasamba zimayendera nyengo: nkhwani, bonongwe, khwanya ndi chisoso m'dzinja, kholowa pafupifupi chaka chonse, ndi mfutso, masamba owiritsidwa n'kuyanikidwa, m'chilimwe. Futali, mbatata kapena chinangwa chophikidwa ndi nsinjiro, ndi kadzutsa wokhutitsa. Mango amapsa kuyambira mu Novembala mpaka mu Januwale ndipo amachuluka moti amagulitsidwa pa ndowa, pamene nzimbe zimapezeka m'miyezi yozizira m'boma limeneli, limene lilinso ndi fakitale ya shuga ya Dwangwa chakumpoto.

Chakudya chimene chimadabwitsa alendo ambiri ndi nkhungu, tizilombo touluka tating'onoting'ono timene timaswana m'madzi akuya n'kutuluka m'magulu aakulu ooneka ngati utsi wa moto pakati pa nyanja. Mphepo ikatikankhira kumtunda, amayi ndi ana amatikola ndi malichero kapena madengu onyowetsa, amatiumba kukhala timitanda takuda, n'kutiphika ndi kutiyanika kuti tikhale ndiwo. Livingstone analemba za chakudya chimenechi atachiona m'mbali mwa nyanjayi, ndipo ndi chopatsa thanzi chifukwa n'chodzaza ndi zomanga thupi. Sichipezeka m'lesitilanti; chimapezeka m'mudzi, kwa amene wacheza ndi anthu mpaka kufika pofunsa.

Nanga zakumwa?

Chakumwa cha m'mudzi choyamba ndi thobwa, limene limapangidwa pophika phala la ufa wa chimanga, kulisiya lizizire pang'ono, n'kuthiramo chimera, ufa wa mbewu zomeretsedwa za mawere, mapira kapena chimanga, chimene chimasungunula phalalo ndi kulitsekemeretsa. Kenako amaliwiritsanso n'kuligoneka usiku umodzi. Thobwa la tsiku loyamba kapena lachiwiri silikhala ndi mowa woledzeretsa ndipo amamwa ndi ana omwe, koma likakhalitsa limasasa n'kuyamba kulowera ku masese. M'malo otentha ngati Benga kapu ya thobwa imathetsa ludzu ndi njala nthawi imodzi. Palinso zakumwa za malambe ndi bwemba, zipatso zowawasa za mitengo ya m'madera otentha, zimene amaziviika m'madzi, kusefa, n'kuthiramo shuga.

M'mabala ndi m'malo ogona alendo mumapezeka mowa wa m'mabotolo monga Carlsberg ndi Kuche Kuche. Fakitale ya Carlsberg ya ku Blantyre, imene inatsegulidwa mu 1968, inali yoyamba ya kampaniyo kunja kwa dziko la Denmark, ndipo inagulidwa ndi kampani ya Castel mu 2016. Alendo akunja amafunsa kwambiri Malawi Gin, pamene osamwa mowa amapeza Sobo, tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, ndi khofi wa ku Mzuzu. Kachasu, mowa wotchezedwa m'midzi, ndi wosayenera kuulawa mwachidwi chabe, chifukwa ukali wake suyezedwa ndipo palibe amene amatsimikiza zimene zalowamo. Woyendetsa galimoto asamwe n'komwe, pakuti msewu wa M5 umadzaza ndi oyenda pansi, njinga za kabaza, ana a sukulu ndi mbuzi, ndipo wosambira m'nyanja ataledzera amadziika pangozi yomira.

Kodi chakudya cha pamsika n'chotetezeka ku matenda?

N'chotetezeka kwa amene amatsatira malamulo ochepa odziwika. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mu 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja, kuphatikizapo Nkhotakota, anakhudzidwa kwambiri, makamaka m'madooko a asodzi mmene zimbudzi ndi madzi abwino n'zoperewera. Chakudya chophikidwa n'kudyedwa chikadali chamoto, monga nsima, kondowole ndi nsomba yongophulidwa kumene, sichikhala ndi vuto. Ngozi imagona m'madzi akumwa osadziwika kumene atungidwa, m'saladi wa kabichi wosaphika, m'zipatso zosendedwa kale, ndi m'beseni limodzi losambiramo m'manja anthu ambiri. Madzi osamba m'manja akhale othirirana kapena a pa mpopi wa chidebe, ndi sopo. Thobwa ndi zakumwa za malambe zigulidwe kwa munthu amene ukhondo wa mabotolo ake ukuoneka. Wodwala m'mimba mwadzidzidzi ayambe kumwa thanzi nthawi yomweyo n'kuthamangira kuchipatala. Pafupi ndi Benga pali chipatala cha Alinafe, ndipo pa boma pali chipatala chachikulu cha boma ndi cha St Anne's.

Kodi mlendo woitanidwa kudya pakhomo pa munthu azichita bwanji, ndipo ndalama zake azigwiritse ntchito motani?

Anthu a m'derali, monga Amalawi ena onse, amati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti sakhalitsa ndipo ayenera kulandiridwa bwino pa kanthawi kamene alipo. Wofika pakhomo amayamba ndi odi, amakhala pansi asanayambe kulonjerana, ndipo madzi osamba m'manja amayambira kwa wamkulu kapena kwa mlendo. Nsima imadyedwa ndi dzanja lamanja, ndiwo zimatapidwa modziletsa chifukwa mbaleyo ndi ya onse, ndipo kukana chakudya osalawako n'komwe kumaoneka ngati kunyoza amene waphika. Chakudya cha pakhomo sichilipiridwa ndi ndalama pamaso pa anthu. Choyenera ndi kubwera ndi kamphatso monga shuga, mchere, sopo kapena mafuta ophikira, n'kukapereka kwa mayi wa pakhomopo.

Pamsika ndi pagombe pamafunika ndalama zing'onozing'ono za m'manja, ngakhale ogulitsa ambiri tsopano amalandira kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, ndipo wofuna kutapa ndalama ku banki achite zimenezo ku Salima kapena ku boma la Nkhotakota asanafike pa Benga. Banja limene limanyamula chakudya chonse cha tchuthi kuchokera m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe limasiya m'derali mabotolo ndi majumbo okha, pamene banja logula mpunga wa faya, usipa wofutsa, ufa wa kondowole ndi mango pa Benga limasiya ndalama m'manja mwa mlimi, msodzi ndi mayi wophika. Wokonzekera ulendo wa kunyanja chaka chino asiyeko malo m'galimoto a thumba la mpunga ndi dengu la usipa, ndipo akafika pa lesitilanti ya pamsika apemphe kondowole m'mawa kuti adzamupeze atapsa masana.